Usiku Umene Nsanja Zonse Zinagona

Madzulo amenewo Flossie atangomaliza kutsuka mbale, amuna ake, a Alufandika, anayamba kubanika ndi mphumu. Mankhwala opopera anali atatha. Flossie anatenga foni kuti aitane Yasin wa kabaza. Netiweki zii.

Flossie anapsa mtima, poti chifukwa chake ankachidziwa. Mlamu wake Philip, wogwira ntchito kukampani ya mafoni, anachifotokozapo monyadira: nsanja ya netiweki ya ku Lirangwe ndi ya ku Chileka anaziphunzitsa kuwerengerana ngati anthu osewera bawo. Ina ikaganiza kuti inzake ili maso, iyo imagona, mafuta a jenereta n'kupulumuka. Flossie anamufunsa kuti, nanga zikadalirana n'kugona zonse? Philip anangoseka, amvekere, "Masamu salakwa, alamu." Zoona, anthu ophunzira n'kumasewera bawo ndi mpweya wa anzawo!

Flossie anathamangira kunsanja yapafupi, poganiza kuti mwina pafupi igwira. Kababu kofiira kapamwamba kanali kozima. Jenereta ili duu.

Kumpanda kunali anthu. Anayi, mwina asanu, atandanda pamzere. Aliyense atakweza foni m'mwamba.

"Pepanitu, yagwira?" anafunsa Flossie.

"Imani kumbuyoko, mayi," anayankha bambo wina osacheuka. "Tonse tikudikira."

"Mwafika nthawi yanji?"

"Ine? Dzinja lija."

Flossie anamuyang'anitsitsa bamboyo. Mawuwo ankawadziwa. Mwini wake analumidwa ndi njoka dzinja lathali, n'kumwalira galimoto isanapezeke. Flossie anaphika nawo pamaliropo.

Kenaka anamva mapazi kumbuyo kwake. Pang'onopang'ono. Munthu anaima pambali pake, malaya akununkhira sopo wakunyumba kwake. Anali a Alufandika, amene anawasiya pamphasa akulephera n'kudzuka komwe. Kubanika kuja kunali kutasiya. Flossie anatchera khutu. Sankapuma n'komwe.

"Bambo a Pempho!"

Sanamuyang'ane. Anangokweza foni yawo, maso ali kunsanja.

Flossie analiyatsa liwiro mpaka kunyumba. Anawapeza pamphasa pomwe paja, thupi litazizira kale.

Netiweki inabwera m'bandakucha. Uthenga woyamba unali wa kampani, womuuza kuti agule bandulo yotchipa yocheza usiku wonse. Foniyo anaimenyetsa kukhoma.

Pamaliro, Philip anakhala kutali, mutu uli pansi. Amayi ankanong'onezana kuti mlonda wa pansanja wasiya ntchito osatsanzika. Akuti mzere uja ukunka nutalika, ndipo wafika kale pamsewu.