Nambala Yachiwiri ya Lexon

Dinah anamudziwa Lexon chifukwa cha mbava. Zinali zitafukula mawaya a kopa mumsewu wa ku City Centre, mafoni onse a pa ofesi pomwe Dinah ankagwira ntchito yolandira ndi kulumikiza mafoni n'kungoti zii. Wokonza atabwera, bambo wamtali wa ovolosi yabuluu, ntchito ya tsiku limodzi anaigwira masiku atatu.

"Layini yanu ili bwino tsopano, asisi," anatero Lexon. "Koma ndizikuimbirani tsiku lililonse, kungoyesa."

Ankaimbadi. Ankatsegula bokosi la mawaya m'mbali mwa msewu ku Old Town, n'kulumikiza kafoni kake koyesera, Dinah n'kumamva mawu ake pamodzi ndi phokoso la maminibasi.

"Duwa langa, wadya kale?"

Madzulo pankabwera uthenga pa foni ya m'manja: "Dinah wanga, mizimu isanakudziwe ine ndinakudziwa. Chaka chino sichitha ndisanakulowetse m'nyumba."

Kwawo kokha sanamutengereko. Ankati amakhala ndi anzake atatu m'kanyumba ku Kawale, malo osayenera mkazi waulemu wake. Dinah anakhulupirira. Akanakayika bwanji munthu yemwe anali atalonjeza kuti Loweruka abale ake akaonekera kwa malume ake a Dinah, a Bauleni, ku Area 4?

Sabata yomweyo ofesi inasiya mawaya akale, mafoni onse n'kuyamba kudzera pa intaneti. Wotchera zipangizo zatsopanozo anali Lexon yemweyo, ndipo ankazinyadira ngati wazipanga yekha.

"Palibenso foni yotayika," anamufotokozera Dinah. "Nambala yoyamba ikapanda kuyankhidwa, foniyo imalumpha yokha kupita pa yachiwiri. Ndayesa kale ndi nambala zanga. Pakavuta china, ungodina batani ili, undipeza."

Anaiwala chinthu chimodzi: kufufuta nambala yachiwiriyo atamaliza kuyesa.

Lachisanu masana panalibe chovuta chilichonse. Dinah anangofuna kumva mawu ake, amuuzenso kuti malume akonzeka. Anadina batani lija. Foni inalira kasanu, inakhala chete pang'ono, n'kuyambanso kulira.

"Halo?" Anali mawu a mzimayi, odekha. Chakumbuyo kunkamveka mwana akulira.

"Pepani mayi, ndimafuna a Lexon, okonza mafoni."

"Bambo a Clifton ali kuntchito. Kuno ndi kunyumba kwawo, ku Area 12. Ine ndine akazi awo. Ndi zakuofesi?"

Dinah anagwira m'mphepete mwa tebulo. Mtima unamupweteka, manyazi n'kuposa ululuwo.

"Eya, mayi. Ndi zakuofesi."

"Muwaimbire lero lomwe, mwanawe. Mawa akuti akupita ku Salima kukatchera mawaya, abwera Lamulungu."

"Zikomo, mayi. Pepani ndakusokonezani."

Anaika foni pansi bwinobwino monga anaphunzitsidwira. Nthawi yomweyo ya m'manja inanjenjemera ndi uthenga wa Lexon: "Ndinali pamwamba pa polo ya mawaya, wokondedwa. Mawa ndiwe wanga mpaka imfa!"

Misozi ikugwera pa mabatani atsopanowo, anaimbira malume ake.

"Dinah, mwana wa mlongo wanga," anayankha a Bauleni mosangalala. "Ndili pa msika wa Tsoka pano, ndikusankha jekete yolandirira alendo ako."

"Malume," anatero Dinah, "ibwezeni pomwe mwaitenga. Kulibe alendo mawa."