Kaulusi Kadutsa Msanga

Anakumana pa siteji ya maminibasi ku Kafue Estates, Choolwe atatsika ndi bokosi lolemera.

"Ba sisi, muli chani umu?" anafunsa Titus, atalisenza kale paphewa.

"Kompyuta ya ku yunivesiti. Musagwetse, ni moyo wanga."

Titus anali wamagetsi, koma chigulitsidwire fakitale yawo ankangozungulira m'makomboni kukonza mbaula ndi mawailesi. Choolwe ankaphunzira sayansi ku Lusaka. Ntchito yake, abale, yotopetsa kuimva komwe! Pa kompyutapo anajambula kaulusi ka m'thupi kotchedwa DNA ndi kabowo kosaoneka ndi maso, n'kumawerengera mmene magetsi amakokera kaulusiko kuti kadutse. Ulendo umodzi wa kaulusiko unkadya masabata, ndipo digiri yake yonse inkadikira ulendowo.

Pofika dzinja, "ba sisi" anali atasanduka "shuga wanga".

"Shuga wanga, amalume nibatume liti kwanu?"

"Kaulusi kakadutsa, wamtima. Nilembe, nipase, basi ndine wako."

Magetsi ankathimathima, choncho kompyuta inakhala kwa Titus, amene anaimangira mabatire a galimoto. Choolwe pobwerera ku Lusaka anamugwira tsaya.

"Uone chabe isazime. Osagwira kalikonse."

"Nalumbira, sinizagwira."

Masabata asanu, kaulusi kali kakaka pakamwa pa bowo. Titus ankakayang'ana m'mawa uliwonse asanapite kukaima pa mageti a mafakitale, komwe ankamuuza kuti abwere mawa. Adikire ntchito, adikirenso ulusi? Pakona pa galasi la kompyuta panali nambala ya mphamvu ya magetsi. Kodi wamagetsi amene wagwira ntchito zaka khumi angalephere kuona vuto? Mota ikamakoka mofooka, umaionjezera moto. Anaonjezera ziro mmodzi.

Lachitatu kaulusi kanadutsa. Titus anabwezera nambala ija mwakale, natumiza uthenga pafoni: "Dali, kadutsa! Bwera uone."

Yankho silinachedwe: "Mulungu ni wabwino! Uza amalume bachape jekete."

Choolwe atabwera anavina mpaka kugunda mpando. Kenako anaima.

"Koma kathamanga maningi. Sunagwire, ai?"

"Ine? Awe, shuga wanga."

Anamuyang'ana m'maso ponena zimenezi, osaphethira n'komwe.

Kalanga ine, kompyuta siiwala! Tsiku loonetsa ntchito, mphunzitsi wina anatsegula kaundula wa zonse zimene makinawo anachita, amene Choolwe anakopera pamodzi ndi zotsatira. Zinalembedwa poyera: Lolemba mphamvu inakwera kakhumi, Lachitatu inatsika. Anati ndi chinyengo. Chaka chonse chibwerezedwe, dzina la Choolwe lili ndi banga.

Choolwe anafika kwa Titus masana, fumbi m'mapazi. Sanakuwe. Mphamvu zokuwira akanazitenga kuti?

"Ninafuna chabe tikwatirane msanga," anatero Titus, atagwada. "Nalema kuyembekeza vonse, Choolwe."

"Na ine nalema. Sembe unaniuza pamene ninakufunsa, sembe ninayamba futi. Palibe anakaziba."

"Nizayenda ku Lusaka, nikabauze kuti ndine."

"Wachedwa."

Choolwe anazula mawaya kumabatire mmodzimmodzi, misozi ikugwera pa galasi.

"Bananifunsa kanayi kuti ndani anasintha nambala. Kanayi, Titus! Ninaganiza za iwe, ulibe nchito, bakuitanire futi mapolisi pa katundu wa yunivesiti."

"Manje unakamba chani?"

"Ninakamba kuti ndine. Usanitumire futi meseji."