Juzi Yoluma ya Zione

Zione amakhala ku Tsangano. Zione amakonda sukulu. Koma mu Juni ku Tsangano kumazizira kwambiri.

Zione ali ndi otizimu. Salankhula zambiri. Khungu lake limamva tinthu tating'ono timene ena samva.

Tsiku lina amayi anamugulira juzi yofiira pa kaunjika. M'mawa anamuveka.

Zione anaima chilili. Kanthu kanayenda pakhosi pake. Kanayenda pamsana. Kanayenda m'manja.

"Ikuluma!" anakuwa Zione. "Ikuluma!"

Amayi anamuvula msanga. Anakutumula juziyo. Munalibe nyerere. Munalibe nsabwe. Munalibe kanthu.

"Juzi siluma, mwanangu," anatero amayi.

Zione anakana kuvala. Kunja kunali chisanu. Tsiku limenelo sanapite ku sukulu.

Amayi anachapa juzi. Anaiyanika pachingwe. Kenaka kunabwera nkhungu. Nkhungu inameza munda wa mbatatesi. Inameza khola. Inameza njira ya ku sukulu. Kunja kunali zii.

Inatsala juzi yokha. Inalendewera ngati munthu wopanda mutu. Inakweza dzanja pang'onopang'ono. Inatsitsa. Inakwezanso.

Zione anabisala kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake nkhungu inalipobe. Juzi inalipobe. Patali belu la ku sukulu linalira. Ngo! Ngo! Zione anafuna kupita.

Anatuluka yekha. Analunjika kuchingwe. Anayandikira. Anayandikiranso. Juzi inakweza dzanja. Zione sanathawe.

Analowetsa chala m'kati. Anapapasa, napapasa. Pakhosi panali kansalu kouma. M'mbali munali misoko yokhakhala.

Zione anachotsa juzi pachingwe, nathamangira nayo kwa abambo ake. Anagwira dzanja lawo.

"Tsinzinani," anatero.

Abambo anatsinzina. Zione anakhudzitsa kansalu pakhosi pawo. Anakhudzitsanso misoko.

"Ii! Zikukandatu," anatero abambo. "Amake Zione, tabwerani mudzamve."

Amayi anatsinzina nawonso. Zione anawakhudzitsa kansalu kaja pakhosi.

"Pepa, mwanangu," anatero amayi. "Unkanena zoona."

Amayi anadula kansalu ndi sizasi. Koma misoko inatsala. Zione anaganiza. Kenaka anatembenuza juzi. Misoko inapita kunja. Anavala.

Anadikira. Pakhosi, phee. Pamsana, phee. M'manja, phee.

"Siikuluma," anatero Zione.

"Koma wavala chotembenuza," anatero amayi. "Anzako sakakuseka?"

Abambo anavula jekete lawo. Analitembenuza. Analivala, matumba ali lendelende kunja.

"Akatiseka tonse awiri," anatero.

Amayi anaseka mpaka misozi. Nawonso anatembenuza juzi yawo.

Onse atatu analowa mu nkhungu. Zione anali pakati. Anafika ku sukulu ali wofunda bwino.