Nyimbo ya Maliro Imene Prince Anaidula

Arminda ankaanula makaka padenga la khitchini, dzuwa likulowa, pamene anamva mawu ake omwe akutsika mumsewu wochokera pa Chinakanaka. Anaima lichero lili m'manja. Inali njinga yamoto ya Samueli wakabaza, sipika atamangirira kutsogolo, ndipo m'sipikamo munali Arminda akuimba maliro, ng'oma za makina zikugunda pansi pake ngati kuli ukwati. Lichero linapulumuka, makaka onse mbwee pansi.

Arminda ndiye ankaimba pa maliro m'midzi ya kumeneko. Nyimboyo anamusiyira ndi azakhali ake amene anathawa nayo nkhondo ku Mozambiki, ndipo inali ya mbali ziwiri. Yoyamba imatsegulira womwalira njira. Yachiwiri imatseka njirayo kuti wina asatsatire. Woiyamba ayenera kuimaliza, basi.

Pa maliro ena mwezi wapitawo, Eneles, mwana wake mmodzi yekhayo, anamujambula pa foni n'kuika pa intaneti kuti amalume a ku Joni aone nawo mwambo. Kumeneko ndiko Prince anaitola. Prince anali ndi kachipinda koikira anthu nyimbo m'mafoni pamsika, ndipo ankavala magalasi akuda ngakhale phiri litabisala m'mitambo. Mbali yotseka anaiona kuti ndi yozizira, yosavinika, choncho anaidula. Yotsalayo anaithira ng'oma n'kulembapo dzina lake.

M'mawa mwake Arminda anamupeza akudya chiwaya pakhomo pa kachipindako.

"Achimwene, mawu amene mukugulitsawa ndi anga."

"Amayi, nyimbo za makolo zilibe mwini. Ine ndaikongoletsa, ndaikamo nzeru zanga. Mumafuna ingothera kumanda?"

"Ilibe mwini bwanji mwalembapo dzina lanu? Koma dzinalo tengani, sindikulifuna. Bwezerani mbali imene mwadulayo."

"Anthu sangavine zimenezo," anatero Prince akunyambita zala.

Samueli wakabaza uja ndiye anali woyamba kugwidwa. Anzake pa siteji ankati wayamba kung'ung'udza nyimboyo osapumira, ngakhale pakudya, ndipo wokwera njinga yake ankamva fungo la dothi lokumbidwa kumene. Anamupeza atakhala panjinga pansi pa mtengo wa mango, injini ikulira, maso ali pamsewu, thupi litazizira. Kenako Alefa wa zitumbuwa, amene ankakhala tsiku lonse pafupi ndi sipika ya Prince, anayamba naye kung'ung'udza. Ku chipatala anamuyeza zonse osapeza kanthu. Anagona pansi akuchapa kumtsinje, osadzukanso.

Anthu sachedwa kupeza mfiti. Ku mjigo amayi ankasiya nkhani Arminda akafika, ndowa yake n'kuikankhira kumapeto. Mawu ndi ake, ankanong'ona, ndipo maliro akachuluka amene amaitanidwa ndani? Komabe nyimboyo sanaisiye. Ankamuopa woimbayo uku akuvina nyimbo yake m'mabala, m'minibasi, mpaka m'minda ya tiyi momwe othyola ankaika foni m'dengu.

Eneles anayesa kukonza. Anaikanso pa intaneti nyimbo yonse, ndi mbali yotseka yomwe. Posakhalitsa inachotsedwa, ndipo panabwera uthenga wakuti nyimboyi ili ndi mwini wake, ndipo woikanso popanda chilolezo ndi wakuba.

"Akuti chiyani?" anafunsa Arminda.

"Akuti mwaba, amayi. Akuti mwamubera Prince."

"Ndaba mawu a pakhosi panga?"

Milomo ya Eneles inali yotseka, koma pakhosi pake pankatuluka kamawu kotsika. Arminda anakadziwa nthawi yomweyo: kanali ka nyimbo ija. M'nyumbamo munkanunkha dothi lonyowa chikhalirecho kunja kunali ng'amba.

Anamugwira mwana wake mutu n'kumuimbira mbali yotseka m'khutu. Anaimba mpaka mawu anasasa. Akamaliza, Eneles ankakhala chete pang'ono, koma minibasi ikangodutsa ikuliza nyimboyo, kamawu kaja kankayambiranso. Pakamwa pamodzi sipakanatseka zimene mafoni ambirimbiri ankatsegula. Mwanayo anasiya kudya. Maso ake ankangoyang'ana kukhomo ngati munthu wodikira galimoto.

"Amayi," anatero pa kanthawi kena kachete, "malo okhawo amene sangaichotse ndi pa tsamba la Prince. Pa foni yake pali kabatani kofiira. Mukakadina, onse amene ali ndi nyimbo ija akumvani pompopompo."

Arminda anamanga chitenje kuti akamugwadire Prince, akamulirire, akamupatse chilichonse. Asanafike pamsika anamva kulira kwa amayi. Prince anali atafa m'mawa womwewo pa mpando wake, zomvera nyimbo zili m'makutu.

Palibe amene anamuitana kukaimba, koma anapita. Anamukoka Eneles padzanja, poti sakanamusiya yekha. Amuna amene anakhala panja anaweramitsa mitu. M'siwa amayi anasendera kukhoma ngati walowa galu wachiwewe. Mtembo unali pamphasa utafunditsidwa nsalu, bokosi lisanafike, ndipo Cathy, mkazi wa Prince, anakhala kumutu foni ya mwamuna wake ili pamiyendo.

Arminda anagwada.

"Mayi, pepani ndi zovutazi. Ndibwerekeni foniyo."

"Mwamudya, ndiye mukufunanso foni yake?"

"Tamuonani mwana wangayu. Tamumverani."

Cathy anamvetsera. Kamawu ka Eneles kankamveka m'chipinda chonse, ndipo kanali komweko kamene mwamuna wake ankagona nako masiku omaliza. Nkhope yake inagwa.

"Ndi yokhoma," ananong'ona. "Imatseguka ndi chala chake chokha."

Arminda anayang'ana nsalu ija. Ankadziwa zimene amayi aja akanene pa mjigo, ndipo ankadziwanso china choopsa kuposa pamenepo. Mbali yotseka siimbidwa womwalira akadali m'nyumba. Imaimbidwa kumanda, dothi litakwiriridwa, iye atapita kale. Koma maliro anali a mawa, ndipo mutu wa Eneles unali utayamba kulendewera. Mantha anamugwira mpaka m'mano, komabe anapisa dzanja pansi pa nsalu.

"Mayo ine! Akumugwira!" anakuwa mayi wina.

Chala chinali chozizira ngati mwala wa mumtsinje. Anachikanikiza pa foni, foni n'kuyaka. Kabatani kofiira kanali pomwe Eneles ananena. Anakadina n'kuyamba kuimba, mawu osasa, dzanja la mtembo likadali m'dzanja lake poopa kuti foni ingazime.

Panja mafoni anayamba kulira m'matumba mwa amuna, ina apa, ina apo, onse ndi mawu amodzi. Kumsika sipika ina inailandira. Arminda anaimva nyimbo yake ikubwerera kuchokera kutali, yathunthu, ndipo anaikoka mpaka mawu otsiriza. Atatseka pakamwa, m'siwa munali zii.

"Amayi," anatero Eneles, ndi mawu ake enieni. "Ndili ndi ludzu."

Misozi inamutsika Arminda. Anaika foni pamphasa kuti adzuke akamukumbatire mwana wake, koma dzanja lake silinachoke. Zala zozizira zija zinali zitazungulira mkono wake. Anakoka, zinalimba. Pansi pa nsalu chifuwa chinakwera pang'onopang'ono, ndipo mutu unatembenukira kwa iye.

"Mwatseka ndili mkati, amayi," anatero Prince. "Ndipita kuti?"

Amayi onse a m'siwa anathyola chitseko pothawa, Cathy patsogolo. Arminda anatsala ndi Eneles yekha, ataima pakhomo.

"Tiyeni, amayi! Dzukani!"

"Tsogola, mwana wanga, ukamwe madzi," anatero Arminda, akubisa mkonowo ndi chitenje. "Usandidikire."