Mpando Wakanirira mu Simenti

Nkhaniyi anandiuza ndi amayi ake a Mzime. Linali Loweruka. Iwo ankachapa, ine ndinkamvetsera.

Mzime ndi mwana womaliza m'banja mwawo. N'chifukwa chake amamutchula choncho. Chaka chino wayamba sekondale. Mzime ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna pokhala.

Sukulu yake inkakula. Ana anali ambiri. Zipinda zinali zochepa. Mipando inali yochepa. Amisiri ankamanga zipinda zina, koma anali asanamalize.

Tsiku loyamba Mzime anakhala pansi. Analembera pabondo. Bondo linatopa. Khosi linatopa.

Aphunzitsi anati, "Ana inu, mawa aliyense abwere ndi mpando wake."

Kunyumba kunali mpando umodzi wokha. Unali wa Bambo. Bambo amanyamula matumba pamsika. Msana wawo umawawa. Madzulo amakhala pampandowo n'kutsamira. Amati, "Eee, msana wanga wafika kwawo."

Mzime anati, "Bambo, mundibwerekeko mpando."

Bambo anayang'ana mpando. Anayang'ana Mzime.

"Tenga, mwana wanga," anatero. "Masana ndi wako. Madzulo ndi wanga."

M'mawa Mzime ankasenza mpando. Madzulo ankasenza mpando. Kupita, mpando. Kubwera, mpando. Njira inali yaitali.

Anyamata ankamuseka. "Kodi mukusamuka, achemwali?"

Mzime ankangopitirira ndi mpando wake pamutu.

Lachinayi dzuwa linaswa mtengo. Belu loweruka linalira. Mzime anayang'ana mpando. Khosi linkawawa. Miyendo inkawawa.

"Lero lokha ugone konkuno," anauuza mpando.

Koma aubise kuti? Anapita kuchipinda chatsopano. Chinalibe chitseko. Amisiri anali ataweruka. Mzime sanalowe. Anangotambasula manja. Anaika mpando kuseri kwa khoma. Anaukanikiza pansi kuti usagwe. Kenako anapita kwawo ali chimanjamanja.

Madzulo Bambo anafika. Anayang'ana pakona. Pakona panalibe kanthu.

"Mpando uli kuti, Mzime?"

"Ndausiya kusukulu, Bambo. Ndinatopa."

Bambo sanakalipe. Anagwira msana. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anatsamira khoma. Khoma linali lolimba. Khoma linali lozizira.

Mzime anawayang'ana.

"Mawa ndiubweretsa, Bambo."

"Chabwino, mwana wanga."

M'mawa Mzime anathamanga. Mpando unali pomwepo. Anaukoka. Sunasunthe. Anaukokanso. Sunasunthe.

Anayang'ana pansi. Mayo! Dzulo panali simenti yaiwisi. Lero yauma gwa! Miyendo yonse ya mpando inakanirira.

Mmisiri womanga anafika ndi wilibala. Anaima. Anagwira m'chiuno.

"Aaa! Ndani wadzala mpando mu simenti yanga?"

"Ndine, bambo," anatero Mzime.

"Ukuganiza kuti umera? Ubereka timipando?"

Mzime sanaseke. Misozi inalengeza.

"Ndi wa Bambo anga. Msana wawo umawawa. Dzulo anakhala pansi."

Mmisiri anakanda mutu. Anapuma mozama.

"Msana ndili nawo inenso," anatero. "Gwira apa. Usaugwedeze, ungathyoke."

Mzime anagwira mpando. Mmisiri anatenga nyundo ndi chitsulo. Anagogoda pang'onopang'ono. Go! Go! Go! Mwendo wina unamasuka. Go! Go! Go! Winanso unamasuka. Go! Go! Go! Mpando unatuluka wonse.

Pansi panatsala mabowo.

"Waona? Wandiwonjezera ntchito," anatero mmisiri.

"Pepani, bambo. Ndikuthandizani."

"Pita ukaphunzire kaye. Ubwere pa nthawi yopuma."

Nthawi yopuma anzake anasewera. Mzime anatunga madzi. Anabweretsa mchenga. Mmisiri anasakaniza simenti. Anatseka mabowo onse. Pansi panasalalanso.

Kenako mmisiri anatola matabwa otsala. Anawadula. Anawakhoma misomali. Kho! Kho! Kho! Anapanga kampando.

Kampandoko kanali kosakongola. Kanali ndi madontho a simenti. Koma kanali kolimba.

"Aka ndi kako," anatero mmisiri. "Kazigona kusukulu konkuno. Koma usakadzalenso!"

Tsopano Mzime anaseka. "Zikomo kwambiri, bambo."

Belu loweruka linalira. Mzime anasenza mpando wa Bambo. Njira inali yaitali. Khosi linkawawa. Koma sanautule panjira.

Anyamata anati, "Mukusamukanso, achemwali?"

Mzime anati, "Eya, koma komaliza!"

Kunyumba anapukuta mpando. Anauika pakona pake.

Madzulo Bambo anafika. Anaona mpando. Anaona simenti kumiyendo yake.

"Kodi mpando wanga wavala nsapato?"

Mzime anawauza zonse. Bambo anaseka atagwira msana. Amayi anaseka mpaka kutsokomola.

Mzime anati, "Bambo, masana ndi wanu. Madzulo ndi wanu."

Bambo anakhala. Anatsamira.

"Eee, msana wanga wafika kwawo."

Mzime anakhala pansi pambali pawo. Anatsamira mwendo wa Bambo. Anatsegula buku. Tsamba silinathe. Bambo anagona. Mzime anagona.

Amayi ake a Mzime anafinya chovala chomaliza chimene ankachapa. Anandiuza kuti, "Ine sindinawadzutse. Ndinachotsa bukulo m'manja mwa mwana. Ndinatenga bulangete limodzi, n'kuwafunditsa onse awiri."