Nkhope Yoyamba Imene Yesaya Anajambula

Febe amakumbukabe tsiku limene anakumana ndi Yesaya pa siteji ya Namitete. Inali nyengo yothyola fodya. Iye ankadikira minibasi, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, atawabisa m'chitenje.

"Asisi, musawabise manjawo. Mungandilole ndiwajambule?"

Anali mnyamata wowonda, kamera ili m'khosi, mphunzitsi watsopano wa zojambula pa sekondale ina yapafupi.

"Kodi inu muli bwinobwino?" Febe anafunsa. "Anthu amajambulitsa atasamba, atavala za kutchalitchi. Inu mukufuna manja akudawa?"

"Nkhope imadziwa kunama, asisi. Ikangoona kamera imayamba kudzikonza. Manja alibe nzeru zimenezo. N'chifukwa chake ine sindijambula nkhope."

Febe anaseka mpaka minibasi inamusiya. Chikondi n'chopanda ulemu, chimalowa osaodira.

Masiku amenewo anali okoma. Akaweruka kusukulu, Yesaya ankapalasa njinga mpaka kumudzi kwa Febe, n'kukhala m'chigafa momwe amayi ankasoka fodya. Ankajambula zala zikuyendetsa singano, zikhatho zikuswa mtedza, dzanja la mwana litagwira choko. Anthu a m'mudzimo anamupatsa dzina loti Amanja, ndipo iye ankavomera mosangalala.

"Koma iwe, nkhope yangayi ndi yoipa eti?" Febe anafunsa tsiku lina akumuperekeza.

Yesaya anaimitsa njinga.

"Duwa langa, mvera. Nkhope yoyamba imene ndidzajambule pa moyo wanga idzakhala ya mkazi wanga. Yakoyi ndikuisungira tsiku la chinkhoswe chathu."

Ndi mtsikana uti amene akanagona tulo atauzidwa mawu otere?

Chaka chotsatira chithunzi cha manja a Febe chinapambana mpikisano. Yesaya anaitanidwa kukaphunzitsa pa koleji ina mumzinda, kenako zithunzi zake zinayamba kuwoloka malire, iye akuzitsatira. Poyamba foni ya Febe sinkapuma.

"Mwana wa apongozi, wadzuka bwanji? Kuno n'kozizira, koma ndikakukumbuka ndimatenthedwa."

Kenako mauthenga anayamba kubwera pamwezi kamodzi, ofupika ngati moni wa munthu wothamangira basi. "Ntchito yachuluka, dalo wanga. Upirire."

Febe anapirira. Innocent, kalipentala wofatsa wa ku Nsaru, anatuma amalume ake kawiri konse kudzamufunsira mbeta, koma anabwerera chimanjamanja mpaka Innocentyo anakakwatira kwina.

"Mwana iwe, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo," azakhali ake anamuchenjeza.

"Azakhali, munthu uja sananame. Onani zithunzi zake zonse pafonipa. Muli nkhope ya munthu m'menemu?"

Munalibedi. Umenewo ndiwo unali umboni wake, ndipo anaukumbatira zaka zisanu.

Lachitatu lina uthenga unafika: "Febe, Loweruka ndikuonetsa zithunzi zanga mu holo ya sukulu yanga yakale ija. Usalephere. Popanda iwe palibe chionetsero."

Loweruka Febe anakhula manja ndi ndimu, anamangitsa tsitsi, n'kubwereka paudala kwa mnzake Zione. Nkhope imene anaisunga zaka zonsezi anaikonza mosamala, poti mwina tsiku lake linali litakwana.

Mu holomo munadzaza ana a sukulu, aphunzitsi ndi alendo a magalimoto. Pa makoma panali manja okhaokha. Febe anazindikira a malemu amayi ake atagwira singano, ndipo misozi inalengeza. Pakati penipeni panali a iye mwini, aakulu ngati chitseko, utomoni uli bii. Anamva fungo la chigafa ndi kulira kwa belu la njinga ija, ngati zonse zinachitika dzulo.

Kenako anatembenukira kukhoma lakumapeto.

Panali nkhope. Mkazi wa mpata m'mano, akuseka, maso ali pa wojambulayo mopanda manyazi. Mwini nkhopeyo anaima pomwepo, akulandira alendo.

"Amenewo ndi a Tiyamike, amaphunzitsa limodzi ndi a Yesaya," mwana wa sukulu wina anamuuza. "Akuti ndi koyamba kujambula nkhope. Chakongola eti?"

Anthu ankaombera m'manja luso latsopanolo. M'holo yonseyo, amene ankadziwa tanthauzo la chithunzicho anali Febe yekha.

"Febe! Wabweradi." Yesaya anafika akumwetulira, atanenepa, kamera ili m'khosi ngati kale. "Alendowa akufuna aone mwini wa manja aja."

"N'zimene munandiitanira, aphunzitsi?"

Ulemu umenewo unamulasa Yesaya. Anayang'ana kukhoma lakumapeto, kenako pansi.

"Ndimafuna ndikuuze, koma ndinasowa poyambira. Paja nthawi ija tinali ana."

"Ine sindinali mwana. Ndinamva bwinobwino."

Monga munthu amene sadziwa njira ina yopepesera, Yesaya anakweza kamera.

"Waoneka bwino lero. Taima choncho, ndikujambule kamodzi kokha."

Febe anakweza manja ake onse awiri n'kuphimba kumaso. Misozi inadutsa pakati pa zala, ikukokolola paudala wa Zione.

"Jambulani, aphunzitsi," anatero. "Anuwo ndi awa."