Gemu Imene Humphrey Anasiya ku Loji

Kompyuta ya ku loji inafa mu Okutobala 1998, dzuwa la m'chigwa cha Luangwa likuwotcha mpaka mbalame kukhala chete. Rosina Chulu, yemwe ankalandira alendo ndi kuyankha maimelo mu ofesi, anali atatopa kale ntchito isanayambe. Njovu zinali zitagwetsa nkhokwe ya amayi ake ku Kakumbi, ndipo m'mawa wonse anakhalira kutola chimanga m'fumbi asanapalase njinga kubwera ku loji ya Nkwali.

Masana anamva munthu akugogoda pachitseko chotsegula kale.

"Mwaswera bwanji, asisi? Ndabwera kudzaona wodwala."

Rosina anadzutsa mutu. Panali mnyamata wamtali wovala magalasi, chikwama cha zida kumanja.

"Wodwala uti?"

"Uyo mwamufunditsa chitenjeyo. Ndine Humphrey, a Madamu Liz andiitanitsa kuchokera ku Lusaka."

Rosina anaseka osafuna. Humphrey anamasula kompyuta ija n'kutulutsamo fumbi lodzaza chikhatho ndi buluzi wouma gwa. Pofika madzulo, wodwalayo anali atadzuka.

Ndege yobwerera inalibe malo mpaka Loweruka, choncho Humphrey anatsala. Mawa lake jenereta itayaka, anatulutsa kadisiki m'thumba.

"Munaseweropo gemu pa kompyuta?"

"Ine? Nthawi yake iti?"

"Khalani apa. Ikakubowani mundithamangitse."

Inali gemu ya ku Japan. Munali mtsikana wa lupanga amene ankafunafuna mudzi wakwawo womezedwa ndi mchenga, ndi mnyamata amene ankamutsatira kulikonse. Humphrey anafotokoza kuti gemuyo inatuluka m'Chijapani chokhachokha, koma anthu oikonda pa intaneti anaitsegula m'kati n'kuikamo Chingelezi okha, opanda wowalipira. Ena ankasintha zovala za anthu ake, ena kuwonjezera njira zatsopano.

"Ndiye kuti munthu akhoza kulembamo chilichonse?" anafunsa Rosina.

"Chilichonse chimene mtima wake wafuna," anayankha Humphrey, maso ake sanali pa kompyuta.

Rosina anamva kutentha kumaso. Kodi ndi liti pamene munthu anamuyang'ana chonchi? Alendo ankamuona ngati mbali ya desiki. Kunyumba ankamuona ngati thumba la ufa loyenda ndi miyendo.

Loweruka m'mawa Humphrey anamuitana.

"Sewera mpaka ufike pamlatho paja."

Rosina anasewera. Pamlathopo mnyamata wa m'gemu anatembenuka, ndipo pansi pa chithunzi panatuluka mawu, osati a Chingelezi ayi, koma a Chinyanja: "Rosina, nyamalikiti wanga, ndidikire. Ndibwera mvula isanagwe."

Rosina anagwira pakamwa. Dzina lake! M'gemu ya ku Japan!

"Sindinachitirepo munthu wina aliyense zimenezi," anatero Humphrey, atamugwira dzanja. "Iwe wekha. Ndikabwera ndikaonana ndi amalume ako. Ndalumbira."

Ndege inanyamuka ndi mtima wa Rosina.

Maimelo ankalowa kawiri patsiku, foni ikagwira. Rosina ankayamba wayang'ana dzina limodzi lokha asanaone za alendo.

"Switi wanga, Lusaka yandikulira popanda iwe. Dzulo ndinadya osamva kukoma."

"Nyamalikiti wanga, khosi lako lija limandibwerera ndikangotsinzina."

Humphrey anamulembetsanso m'gulu la okonda gemuyo. Munthu mmodzi akalemba, imelo inkafika kwa onse, ndipo aliyense anali ndi dzina lodzipatsa. Rosina anadzitcha Nyamalikiti. Masiku amenewo m'gulumo munali mkangano wosatha chifukwa gemuyo inali itapangidwa filimu ya katuni. Wina wa ku Brazil ankalira kuti asintha tsitsi la mtsikana uja kukhala lobiriwira. Wina wa ku Germany ankati filimuyo yachotsa mlatho, ndiye palibe chotsala. Ena ankati gemu ndi gemu, filimu ndi filimu, tisiyeni tipume.

Rosina anali asanaioneko filimuyo, koma analowerera ndithu. "Kuchotsa mlatho n'kuchotsa mtima wa nkhani yonse," analemba.

Wina wotchedwa Mbawala anamuyankha: "Wanena zoona, mnzanga. Koma malonjezo a pamlatho usamawakhulupirire kwambiri." Rosina anaseka, n'kuyamba kumukonda Mbawalayo. Ankasekana pa za tsitsi lobiriwira ngati anthu okulira pamodzi.

"Rosina, maimelo onsewa ndi a alendo?" anafunsa a Liz, bwana wa lojiyo, tsiku lina, ataona foni yatenga nthawi. Koma sanakalipe. Anakhala pampando n'kumuuza nkhani ina: ku Lusaka kunali maphunziro a za mahotela m'nyengo ya mvula, pamene alendo amachepa, ndipo loji inali yokonzeka kutumiza munthu mmodzi.

"Ndaganiza za iwe. Undiyankhe sabata ino."

Lusaka! Maphunziro, ndi Humphrey pafupi! Rosina anamulembera Humphrey nthawi yomweyo. Yankho linabwera mawa lake.

"Wokondedwa, usabwere. Lusaka idzakuwonongera mtima wako wabwinowo. Ine ndikubwera pa Khirisimasi kudzaonana ndi amalume. Ndikapeza kulibe, ndidzalankhula ndi ndani? Ndidikire, mkazi wanga wa mawa."

Mkazi wanga! Mawu amenewo anaphimba ena onse. Rosina anakana maphunziro aja, malo n'kupatsidwa mnyamata wa kukhitchini. Anapitanso kwa amalume ake, a Langford, n'kugwada kuwauza kuti kukubwera munthu.

Mvula inagwa. Misewu ya ku Kakumbi inasanduka phala, Rosina n'kumakankha njinga m'matope mpaka m'mawondo. Khirisimasi inadutsa.

"Sore, switi. Ntchito yandipanikiza. Janyuwale."

Janyuwale anakhala Isitala. Maimelo anafupika mpaka kutsala mzere umodzi. A Langford akakumana naye ankangoti, "Nanga mlendo uja?" ndipo Rosina ankayang'ana pansi. Pa nthawi yopuma ankatsegula gemu ija, kuyenda mpaka pamlatho, kuwerenga dzina lake, n'kutseka. Sankapitiriranso. Kodi munthu wolemba mawu otere anganame?

Mu Meyi alendo atayambanso kuchuluka, a Liz analemba ntchito mayi wina wochokera ku loji ya kumtsinje wa Zambezi kuti azithandiza mu ofesi. Dzina lake linali Millicent. Anali wamkulupo pang'ono, wosalankhulalankhula, wa maso a munthu amene waona zambiri.

Tsiku lina masana Rosina akusewera, sanamve kuti Millicent waima kumbuyo kwake.

"Ukakwera pamlathopo atembenuka," anatero Millicent motsitsa mawu. "Akuuza kuti umudikire, abwera mvula isanagwe."

Rosina anasiya kusewera.

"Mwadziwa bwanji, asisi?"

Mawu aja anatuluka pa kompyuta. Millicent anawerama, anawerenga, n'kupumira m'mwamba.

"Nyamalikiti. Ndiwe Nyamalikiti wa m'gulu lija?" Anakoka mpando n'kukhala. "Ine ndine Mbawala. Kwa ine analemba kuti, 'Millicent, mbawala yanga.' Enawo ndi omwewo, ngakhale kadontho sanasinthe."

"Ayi. Mukunama!"

"Ndikanakonda ndikanakhala ndikunama, mng'ono wanga."

"Anandiuza kuti ndi ine ndekha! Analumbira!"

"Anakugwira dzanja lamanzere polumbirapo?"

Rosina anayang'ana dzanja lake lamanzere. Misozi inali itayamba kale.

Millicent analankhula mopanda ukali, ngati akunena za mtengo wa sopo. Humphrey ankakonza makompyuta m'maloji ambiri. Kusintha dzina m'gemu kunali ntchito yoti amamaliza tiyi asanazizire. Millicent anamudikira mvula ziwiri, kenako anakwera basi kukamufuna ku Lusaka. Amene anatsegula chitseko anali mayi wa mwana kumbuyo, mphete pachala.

"Anandipatsa madzi akumwa, osandifunsa n'komwe kuti ndine ndani. Ndinaona kuti sindine woyamba kugogoda."

"Nanga bwanji simunandiuze m'gulu muja?"

"Sindinadziwe kuti ndiwe wake. Ndinkayesa ndiwe mtsikana chabe wokonda mlatho."

"Ndinakana sukulu chifukwa cha iye," Rosina ananong'ona. "Ndinawauza amalume."

Millicent anangomukumbatira. Kunja galimoto ya alendo inali kulira, ndipo awiriwo anapukuta nkhope n'kupita kukalandira anthu ndi kumwetulira.

Humphrey anabwera mu Juni, printa itakana kusindikiza. Analowa akuimba kamluzu, manja atatambasula.

"Nyamalikiti wa..."

Anaima pakhomo. Pa desiki panali akazi awiri, onse akumuyang'ana.

"Millicent? Ukutani kuno?"

"Ndikugwira ntchito," anatero Millicent, n'kupitiriza kupinda mapepala.

"Rosina, switi, tatuluka panja ndikufotokozere. Si mmene ukuganiziramo. Kunyumba zinthu sizili bwino, ndimangokhalira ana. Iwe ndiwe wosiyana, ndikulumbira..."

Rosina anali atakonza mawu ambiri m'masabata onse aja, mawu olasa. Koma atamuona ataima pamenepo, thukuta pamphuno, magalasi akutsetsereka, anapeza kuti alibe mphamvu zokalipira. Anali wotopa basi.

"Bambo," anatero, "printa ndi iyo. Ikumeza mapepala. A Madamu akufuna muthe msanga, mukwere ndege ya fotini awazi, 2 koloko masana ano."

"Bambo? Ine wayamba kunditchula bambo?"

"Mukamaliza mufufutemo gemu yanuyo. Ikudya malo."

Humphrey anagwada pansi n'kuyamba kumasula printa, akazi awiriwo akuyankha maimelo a alendo pamwamba pa mutu wake.

Ataweruka, Rosina sanalowere kwawo. Anapalasa njinga mpaka kwa a Langford, n'kuwapeza akumangirira mbuzi yonenepa pamtengo wa mango. Anagwada chapatali.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

"Taswera, mwana wa mlongo wanga. Waiona iyi? Kuyambira Disembala ndakhala ndikukana ogula. Ndimati mlendo wa ku Lusaka asadzatiseke."

Rosina anayang'ana mbuziyo.

"Igulitseni, amalume. Kulibe amene akubwera."

A Langford anamaliza kumangirira mbuzi ija. Sanafunse kalikonse. Anatembenukira kukhitchini n'kuitana akazi awo.

"Amake Alice, bweretsani mpando. Mwanayu wayenda mtunda wautali."